Mutu 6: Chala cha Matope pa Nkhope ya Koloko

1. Mnyamata wa belu

M'chaka cha 1959, pa sukulu ya mishoni ina ya m'mapiri a ku Ngauma panali anyamata makumi anayi ogonera pomwepo. Mwa onsewo Msilamu anali mmodzi yekha, Ossufo wa ku Mandimba, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Anzake sankamumenya, koma sankamuyandikiranso. Anamupatsa dzina loti Shehe. Akafika pamene iwo akucheza, nkhani inkangozilala. Tsiku lophika nyama ankatenga mbale yake n'kukadyera masamba kuseri kwa khitchini. Kumunsi kwa phiri kunali mudzi wa Asilamu, koma nakonso anyamata ankamutcha mwana wa apadiri. Mwezi wa Marichi umenewo ku Nyasalande kunali chipwirikiti, pa njira ya kumalire panachuluka asipayo, apolisi a Apwitikizi, ndipo palibe wa kwawo amene anabwera kudzamuona.

Ossufo anali ndi zinthu ziwiri zokha: masamu ndi koloko. Kolokoyo inkapachikidwa m'kalasi ya akuluakulu. Galasi lake linasweka kalekale, moti aliyense akanatha kukhudza mivi yake. Ntchito ya Ossufo inali kuipukusa ndi kiyi m'mawa uliwonse, ndi kuliza belu la mishoni nthawi ikakwana.

Pasaka isanafike, Padiri ankayenera kusankha anyamata asanu oti adzapite ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankakutcha Nova Freixo, kukalemba mayeso a kalasi yachinayi. Wokhoza mayesowo akanatha kuphunzira ntchito ya kuchipatala kapena ya kunjanji. Wosasankhidwa ankabwerera kwawo, kumene kapitawo wa thonje ndi wa msewu ankamudikira.

Mphunzitsi wa kalasiyo, Bambo Alberto, anamuuza Ossufo mosabisa.

"Dzina lako ndalitchula kwa Padiri. Anakayikira, chifukwa sunabatizidwe. Sanakane, koma sanavomere. Anzako akalakwa kawiri amakhululukidwa. Iwe kamodzi kokha kakukwana. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

2. Mbuzi ya pachikhomo

Lamulo linali loti maphunziro azichitika m'Chipwitikizi. Koma sabata imeneyo Padiri anali paulendo, ndiye Bambo Alberto akafika povuta ankatembenukira ku Chinyanja.

Tsiku lina analoza koloko ndi ndodo yawo.

"Muvi wautaliwu ndi mbuzi yomangidwa pachikhomo. Chikhomo chili pakati. Mbuzi ili kunsonga. Imazungulira tsiku lonse, koma sichoka pachingwe."

"Nanga imadya chiyani, aphunzitsi?" anafunsa Stefano, mnyamata wamtali amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Imadya nthawi yako, Stefano, iwe uli kukamwa yasa."

Kalasi yonse inaseka. Bambo Alberto anayeza muviwo ndi rula. Kuchokera pachikhomo kufika kunsonga unali masentimita khumi ndi theka.

"Kudutsa pakati, kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo, ndi kawiri kake, 21. Kuti tipeze njira yonse yozungulira, tichulukitsa 21 ndi 22, n'kugawa ndi 7. Ossufo?"

"66, aphunzitsi."

"Choncho pa ola limodzi nsonga ya muvi imayenda masentimita 66. Koma mbuzi ikangoyenda chigawo cha njirayo, imasiya mzere wopindika ngati uta. Utali wa uta umenewo umatsata nthawi. Theka la ola ndi theka la njira."

"33," anatero Ossufo.

"Mphindi khumi?"

"Mphindi khumi zimalowa kasanu ndi kamodzi mu ola. 66 kugawa ndi 6. Ndi 11."

"Mwamva? Mukadziwa nthawi mupeza utali wa uta. Mukadziwa utali wa uta mupeza nthawi. Njira ndi imodzi, kupita ndi kubwerera."

"Shehe amalota manambala," ananong'ona wina kumbuyo. Ossufo anamva, koma sanacheuke.

3. Mawu a Che Ibrahimu

Mwezi wa Ramadani unayamba Lachitatu, pa 11 Marichi. Madzulo a tsikulo Ossufo anapita kukatunga madzi kuchitsime cha pakati pa mishoni ndi mudzi. Anapezako Che Ibrahimu, mkulu amene ankatsogolera mapemphero kumzikiti wa m'mudzimo. Anali atakhala pamwala, ndodo ili pamiyendo.

"Ndiwe wa belu uja?"

"Ndine, agogo."

"Wamanga?"

"Ndamanga."

"Ika ndowa pansi, ndili nawe mawu. Ine maso anga ayamba kuchita nkhungu, koma makutu akadali anga. Chaka chino Ramadani yagwera mu mvula. Lamulo ukulidziwa: munthu womanga samwa madzi, sadya kanthu, mpaka dzuwa litalowa lonse. Likatsala kachidutswa ngati chikhadabo, tsikulo silinathe. Kumwamba kukayera sitifunsa munthu, dzuwa tikuliona tokha. Koma kukachita mitambo, kuno kuseri kwa phiri kumada msanga, ndipo munthu waludzu amaona mdima ngakhale pamene palibe mdima.

"Tsono ine ndakhala ndikutchera khutu. Mwezi uno belu lanu la sikisi koloko limalira dzuwa litangolowa kumene, pasanathe n'komwe nthawi yoti mayi atunge madzi pano n'kukafika kunyumba. Ndiye tagwirizana kumzikiti. Tsiku la mitambo, belu likalira, ine ndiziitana swala, mapemphero athu a madzulo, ndipo mudzi wonse uzimasula. Apadiri sakudziwa zimenezi, ndipo sitinawapemphe. Tadalira iwe, chifukwa chingwe cha belulo chili m'manja mwa mwana wathu.

"Ukachedwa, palibe mlandu, tipirira. Koma usafulumire, mwanangu. M'mudzi muno muli nkhalamba zimene zikumanga thupi likunjenjemera. Muli amayi amene amaswera kumunda opanda dontho pakhosi. Muli ana amene akumanga koyamba chaka chino. Ukafulumira, onsewo amwa madzi dzuwa likadalipo, ndipo tsiku lawo lidzayenera kubwezedwa. Wandimva?"

"Ndakumvani, agogo."

Pobwerera, ndowa ili pamutu, Ossufo anayenda mopepuka. Chiyambireni kufika kuderali, palibe amene anamutchapo mwana wathu.

4. Pempho la Stefano

Lolemba, pa 16 Marichi, kunacha ndi mitambo yakuda, ndipo sinayoyoke tsiku lonse. Masana anyamata anapita kukapalira munda wa mishoni monga mwa masiku onse. Kumeneko kapitawo sankalola munthu kuweruka belu lisanalire.

Ossufo ankapalira mzere wa kumapeto, payekha. Posakhalitsa anamva khasu lina likulima pambali pake. Anali Stefano.

"Shehe, ludzu silikukupha?"

"Ndazolowera."

Stefano analima pang'ono. Kenaka anati, "Ossufo."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni.

"Achimwene anga a Simoni awatenga pa kontarato, ntchito yokakamiza ija. Akupita kuminda ya khonje, kugombe. Lole yawo idutsa pamphambano lero, sikisi koloko isanakwane. Siiima. Ndimangofuna ndiwaone nkhope."

"Kapemphe kwa kapitawo."

"Ndapempha. Akuti mbale wanga si Bishopu. Kwa aphunzitsi sindingapite, dzulo lomweli andigwira ndikuba magwafa awo." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Kuchoka pano kufika pamphambano, wothamanga ngati ine, ndi mphindi khumi ndi zisanu. Belu likalira sikisi yeniyeni, ndikapeza fumbi lokha."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Iwe ndi mbuzi yako ija. Ikankhe pang'ono. Mphindi makumi awiri basi. Padiri kulibe, dzuwa kulibe, adziwa ndani? Anyamata onse akondwa kuweruka msanga. Ndikawauza kuti ndiwe, sudzadyeranso kuseri kwa khitchini, ndikulumbira."

"Kumudzi kuja amamvera belu limeneli."

"Amamvera kuti atani? Amapemphera nafe? Ossufo, anthu a kontarato ena sabwerera. Amalume anga anapita ndili wakhanda, mpaka lero sitidziwa manda awo. Iwe ulibe mbale?"

Ossufo anali naye mbale, ndipo anali asanamuone kwa miyezi yambiri. Anapitiriza kupalira mpaka mzere unatha.

5. Kukankha muvi

Monga mwa chizolowezi, kapitawo anamulola kunyamuka msanga kuti akadikire nthawi ya belu. M'kalasi munali kamdima. Koloko inkaonetsa kuti papita mphindi makumi awiri kuchokera pa faifi.

Ossufo anaima pakhomo n'kuyang'ana kumunsi. Utsi unkakwera pamadenga a m'mudzi. Amayi anali atayamba kukonza chakudya chomasulira. Njira yotsikira kumeneko inali yaifupi. Akanatha kuthamanga, kukanong'oneza Che Ibrahimu kuti lero asadalire belu, n'kubwerera nthawi ikadalipo. Koma mkuluyo akanafunsa chifukwa chake, ndipo nkhani yodziwa anthu awiri ikanadziwika ndi mudzi wonse.

Anatseka chitseko. Anakokera benchi pansi pa koloko, nakwerapo. Manja ake anali akadali ndi matope ofiira a kumunda. Anaika chala pansonga ya muvi wautali n'kuukankha mwamsanga, chala chikukhula pankhope ya koloko. Anatsika, nabweza benchi pamalo pake.

Muvi utafika pamwamba, anapita kukagwira chingwe. Belu linalira monga limalirira masiku onse. Kumunda kunamveka phokoso la anyamata, ndipo anaona Stefano akudumpha mizere, kulunjika kumsewu.

Kenaka kumunsi kunamveka mawu a Che Ibrahimu akuitana swala.

Ossufo anali ndi chikho chake cha madzi pawindo. Anachinyamula, nachibwezanso. Anakhala pabenchi yekha, maso ali pakoloko, mpaka mphindi makumi awiri zinatha. Apo m'pamene anamwa. Atasamba m'manja, anakweranso pabenchi, nagwira muvi ndi zala ziwiri mosamala, n'kuubweza m'mbuyo. M'kati mwa koloko munamveka kaphokoso kakang'ono, kuti khethe. Bambo Alberto anali atamuuzapo kuti koloko yoliza maola siibwezedwa m'mbuyo, koma madzulo amenewo sanakumbukire.

Pa nthawi ya chakudya Stefano anabwera thukuta lili kamukamu, nakhala pansi pambali pake, kuseri kwa khitchini komweko.

"Ndawaona. Anali kumbuyo kwenikweni. Ndinafuula, anacheuka, anakweza dzanja." Anatulutsa chimanga chootcha, nachithyola pakati. "Idya, iwe. Ndiwe munthu."

Ossufo analandira. Chinali chozizira ndi chopserera mbali imodzi, koma anachidya chonse.

6. Chingwe pa bolodi

Kutacha anapita ndi kiyi kukapukusa koloko. Anapeza Bambo Alberto ali kale m'kalasi, koloko ili chagada patebulo lawo.

"Yaima usiku," anatero mphunzitsiyo. "Sindinaimve ikuliza maola. Kakhale pamalo pako."

Ossufo anaponya diso. Pankhope yoyera ija, cha kumunsi, panali mzere wofiira wa matope ouma, wopindika bwinobwino ngati uta. Dzulo mu kamdima kaja sanauone.

Anyamata atangolowa, pakhomo panamveka kugogoda kwa ndodo. Anali Che Ibrahimu. Chimangireni mishoni, mkuluyo anali asanapondepo pabwalo lake. Bambo Alberto, amene amayi awo anali ochokera ku banja la Chisilamu, anatuluka nawalonjera m'Chiyao, kenaka anawapatsa mpando pakhomo pomwepo.

"Aphunzitsi, sindinabwere ndi mlandu," anatero mkuluyo. "Ndabwera ndi funso. Dzulo titamasula, mayi wina amene ankachokera kuphiri wanena kuti belu litalira anaona dzuwa pansi pa mitambo, lofiira, lisanalowe. Ena akuti maso ake anamunamiza. Anthu akangana mpaka kutukwanana. Ngati belu linafulumira pang'ono chabe, tsiku lathu lili bwino. Ngati linafulumira kwambiri, tiyenera kubweza. Ndiuzeni choona."

Bambo Alberto anatenga ulusi, naugoneka mosamala pa mzere wa matope uja kuyambira poyambira mpaka pothera, naudula. Anatembenuza koloko kuti nkhope yake isaoneke. Anayeza ulusiwo pa rula, nalemba pa bolodi: 22.

"Wina wakankha muvi ndi chala cha matope, pansonga penipeni. Uwu ndi utali wa njira imene chalacho chinayenda. Agogowa akufuna kudziwa mphindi. Stefano, bwera."

Stefano anapita ku bolodi. Analemba 66, nagawa ndi 22.

"Zitatu, aphunzitsi. Mphindi zitatu."

"Zitatu," anabwereza Bambo Alberto, nkhope yawo osasintha. "Ngati ndi zitatu, ndi zochepa. Woliza belu amaloledwa kukonza koloko ikatsalira pang'ono chotero. Ossufo, koloko ndi yako, masamu ndi ako. Ukugwirizana naye?"

Stefano anamuyang'ana, maso akupempha. Pakhomo Che Ibrahimu anapendeketsa mutu, khutu lili kwa iye.

Ossufo anaimirira, napita kukatenga choko.

"Atatuwo si mphindi, aphunzitsi. Akutanthauza kuti 22 amalowa katatu mu 66. Ndiye utawu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a njira yonse. Njira yonse ndi mphindi 60. Tikagawa 60 ndi 3, tipeza 20."

Analemba nambalayo, naika choko pansi.

"Mphindi makumi awiri, agogo," anatero Bambo Alberto. "Dzuwa linali lisanalowe."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "M'chipinda muno mumalowa anthu ambiri. Mwanangu, pamene unkakoka chingwe, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, agogo. Chala chinali changa."

"Anakutuma ndani?" anafunsa Bambo Alberto.

Ossufo anayang'ana pansi. Stefano anali atabwerera kale pabenchi pake, akukanda tebulo ndi chikhadabo. Sanadzutse mutu.

"Ndinakankha ndekha, aphunzitsi."

"Sindinafunse amene anakankha." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kiyi. Mverani nonse. Koloko iyi si ya Ossufo, si yanga, si ya Padiri. Ndi ya aliyense amene amamva belu n'kusiya chimene akuchita, osafunsa. Mukadzagwira ntchito kunjanji, mphindi makumi awiri ndi sitima ziwiri pa njanji imodzi. Mukadzagwira kuchipatala, ndi munthu amene mankhwala amupeza atapita. Masamu wakhoza, Ossufo, ndipo wakhoza pamene kulakwa kukanakupulumutsa. Zimenezo ndidzanena. Koma zinazi ndidzanenanso, chifukwa sindinganamize Padiri. Abwera Lachinayi. Za dzina lako pa ulendo wa ku Nova Freixo, usandifunse."

Che Ibrahimu anadzuka, natsamira ndodo.

"Aphunzitsi, madzulo mundibwereke mwanayu. Anthu akamve kuchokera pakamwa pake."

7. Belu lopanda omvera

Tsiku lonselo palibe mnyamata amene anamulankhula Ossufo. Ena ankati Shehe ndi chitsiru, akanangovomera zitatu zija. Stefano anasankha mzere wa kutali kumunda.

Madzulo mitambo inali ikadalipo. Ossufo anatsika yekha kumudzi. Pabwalo la mzikiti amuna anali atakhala pamikeka, aliyense ndi chikho chake patsogolo. Amayi anali cha kumbali ndi mbale zovundikira. Ossufo anaima pakati, nanena zonse mwachidule, osatchula dzina la mnzake. Ananena kuti wina ankafuna kutsanzikana ndi mbale wake wopita ku kontarato.

Panali kung'ung'udza. Bambo wina anati, "Tinanena ife, mwana wa apadiri ndi wa apadiri." Che Ibrahimu anakweza dzanja.

"Funso limodzi, mwanangu. Iwe dzulo unamasula nthawi yanji?"

"Ndinadikira, agogo. Mpaka nthawi yeniyeni."

"Ndiye tsiku lako unalisunga."

"Inde."

"Lathu n'kulitaya." Mkuluyo sanakweze mawu. "Mverani, inu nonse, ndi iwenso. Kumvera chisoni munthu amene mbale wake akutengedwa si kulakwa. M'bwalo lino mulibe nyumba imene lole imeneyo sinaidutsepo. Ukanatsika kuno n'kunena kuti agogo, lero belu lilira msanga, musalimvere, ine ndikanatseka pakamwa panga, ndipo mnzakoyo akanamuonabe mbale wake. Njira inalipo, ndipo unaiona. Unaisiya chifukwa unaopa kuti udziwika. Unapatsa munthu mmodzi chinthu chimene unatenga kwa anthu ambiri, osawapempha. Ife tilibe tchimo, chifukwa sitinadziwe, koma tsikulo tidzabweza Ramadani ikatha, kuyambira ine mpaka mdzukulu wanga Hawa amene akumanga koyamba. Iwe sudzabweza kanthu, pakuti lako ndi lathunthu. Udzangotiona tikumanga.

"Koma ichinso ndinene. Lero m'mawa mwanayu akanatha kunena kuti zitatu, ine n'kubwerera kuno wokondwa, tonse n'kukhala ndi tsiku lobooka osadziwa. Sanatero, ndipo zamudyera zambiri kumtunda kuja. Choncho palibe amene amuthamangitse pano. Zaituni, mpatse mwanayu chikho."

Mkazi wa mkuluyo anabweretsa chikho cha madzi, nachiika patsogolo pa Ossufo osamuyang'ana. Anamupatsa malo kumapeto kwa mkeka. Munthu amene anali pafupi anasunthira uko pang'ono.

Posapita nthawi belu la mishoni linalira. Ankaliza ndi Bambo Alberto eni ake, potsata wotchi yawo ya m'thumba, ndipo Ossufo anadziwa kuti nthawi yake inali yeniyeni. Koma pabwalopo palibe dzanja limene linasuntha. Che Ibrahimu sanaitane swala. Kamtsikana kena kanatambasula mkono kuti katenge chikho, mayi ake n'kukagwira. Belu linaleka kulira, ndipo anthu anakhalabe chomwecho, milomo youma, maso ali kumadzulo kumene kunalibe choona, kudikira mdima woti palibe angaukayikire.

Atamasula, kumsewu kunamveka kulira kwa njinga yamoto ikukwera phiri. Dera lonselo njinga yotero inali imodzi yokha. Padiri anali atabwerako masiku awiri lisanafike tsiku limene ankayembekezeka.

Ossufo anali asanamalize n'komwe phala limene anapatsidwa pamene mwana wina anamukoka malaya, naloza kumapeto kwa bwalo. Pansi pa mtengo wa mango panaima Stefano, akupuma mwawefuwefu. Sanayerekeze kuyandikira mikeka.

"Padiri akukuitana," anatero Stefano, Ossufo atafika pafupi. "Aphunzitsi awauza zonse. Akuti munthu wa masamu ngati iwe sakankha koloko popanda chifukwa. Akuti ukatchula amene anakutuma, za mayeso aziganizira. Ukapanda kutchula, mawa unyamule mphasa yako."

Anayamba kukwera phiri, wina patsogolo, wina pambuyo. Atafika pachitsime, Stefano anaima pakati pa njira.

"Ossufo, achimwene apita. Kunyumba kwatsala amayi ndi ine. Akandichotsa sukulu, lole yotsatira ndi yanga. Ukanena chiyani?"

Kumtunda, pawindo la ofesi ya Padiri, nyali inali itayatsidwa kale. Ossufo anamulambalala mnzakeyo, napitiriza kukwera.